Kalata yotseguka kwa oyang'anira ziphaso za alendo: mkamwini wathu akuyendera lisiti

Olemekezeka a Nduna, akuluakulu oyang'anira ziphaso za alendo okhala m'dziko muno, ndi inu aphungu a maboma a m'malire,

Landirani moni wochokera kuno ku Mchinji, kumene mtedza tazula ndipo uli padzuwa. Ndikhulupirira Mulungu akukusungani pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo kwathu ndine mwinimbumba. Mbumba ikadwala amadzutsa ine, ikalakwa amaitana ine, ukwati ukagwedezeka ndine ndimakhala pamkeka ndi ankhoswe a kuchimuna. Makalata awiri amene ndinalemba mwakachetechete sanayankhidwe, n'chifukwa chake iyi ndaiika poyera kuti ndi anzanga a m'malire amve nawo. Sinditchula ofesi kapena munthu aliyense. Ambiri mwa ogwira ntchito amene ndakumana nawo anandilandira mwaulemu, ena mpaka kundipatsa mpando poona imvi. Vuto lili m'kayendetsedwe ka zinthu, ndipo kayendetsedweko kali m'manja mwanu.

Mapu mumawadziwa kuposa ine, koma njira za kuno ndimazidziwa ndine. Malire athu ndi Zambia anawalemba atsamunda potsata mtunda wogawa madzi: mvula yogwa mbali ino imatsetserekera ku Bua mpaka kunyanja, yogwa mbali inayo imathamangira ku Luangwa. Mtunda umenewu unadutsa pakati pa mbumba. Achewa a kuno ndi a ku Chipata, Vubwi, Chadiza ndi Katete timakakumana ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti chaka ndi chaka pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni amawoloka mu Febuluwale kupita ku Ncwala ku Mtenguleni kwa Mpezeni. Ilipo midzi imene manda ali mbali ino, chigayo chili mbali inayo. Mnyamata wa kumeneko akafuna mbeta safunsa kaye kuti chipilala cha malire chili pati.

Ndipo ife Achewa ukwati wathu ndi wachikamwini. Mwamuna ndiye amasamuka kudzamanga kwa mkazi, kulima munda wa kuchikazi, kubereka ana a mbumba ya mkaziyo. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa ndibwereranso pomwepa.

Dandaulo langa loyamba ndi kuchedwa, ndipo ndilifotokoza kudzera mwa mkamwini wathu. Anachokera tsidya linalo mu 2006 kudzakwatira mwana wa mlongo wanga. Ankhoswe tinakhala pansi, nkhuku inadyedwa, amfumu anamulozera pomanga. Ndi mmisiri wa matabwa. Zitseko za tchalitchi chathu anakhoma ndiye, ndipo mudzi uno mulibe maliro amene bokosi lake silinadutse m'manja mwake, nthawi zambiri osalandira ndi tambala yomwe. Ali ndi ana anayi, onse obadwira kuno. Kwa zaka zambiri ankangokhala monga akhalira akamwini onse, akafuna kukaona amayi ake amatenga boda pasi kapena kungodutsa njira ya kumunda. Sindikunena kuti zimenezo zinali zolondola pamaso pa lamulo. Ndikungonena mmene zinthu zinalili, ndipo nanunso mukudziwa kuti ndi mmene zilili m'midzi yambiri.

Mu Meyi 2023, pamene apolisi anayamba kusonkhanitsa othawa kwawo m'matauni ndi kuwabwezera ku Dzaleka, mantha anafika mpaka kuno. Mkamwini wathu si wothawa kwawo, koma anaona kuti tsiku lina galimoto ikhoza kuima pakhomo pake. Anadza kwa ine madzulo, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, "Malume, ndifuna ndikhale mwa lamulo, mundiperekeze." Ndinamuyamikira. Anagulitsa mbuzi ziwiri, napita kwawo kukapanga pasipoti, n'kulowa pachipata monga mlendo aliyense. Anamudindira masiku 30. Masiku 30 kwa munthu amene mitengo ya mango imene anadzala pakhomo ikubala kale! Tinakawonjezera mpaka masiku 90, ndipo pamenepo tinauzidwa kuti atenge chiphaso chokhalira kwa kanthawi, chija cha miyezi isanu ndi umodzi, uku akupempha chiphaso chokhalitsa monga mwamuna wa Mmalawi.

Zofunika tinasonkhanitsa: kalata ya ukwati, imene tinachita kukaifuna ku boma chifukwa ukwati wa ankhoswe ulibe pepala, kalata ya dokotala, zithunzi, ndi kalata ya apolisi a kwawo yotsimikiza kuti alibe mlandu. Tinapereka, tinalipira, tinapatsidwa lisiti. Kuchokera tsiku limenelo mayankho amene tamva ndi awa: fayilo yapita ku likulu, fayilo sinabwere, amene amasayina ali ku msonkhano, netiweki palibe, bwerani mwezi wa mawa. Ulendo wina tinauzidwa kuti kalata ya apolisi ija yakalamba, tikatenge ina. Inakalambira m'kabati ya yani? Ife tinaibweretsa inki isanaume. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tadekha, koma chiphaso cha kanthawi sichidekha nafe. Chimatha pa tsiku lake, ndipo kuchikonzanso ndi ndalama ina, ulendo wina, mzere wina.

Lachiwiri ndi lisiti lenilenilo. Mkamwini wathu amalisunga m'kajumbo ka shuga, kajumboko m'kati mwa Baibulo. Ndi kapepala kopyapyala kotuluka m'makina, ndipo zilembo zake zikufufutika zokha ngakhale sikanagwepo m'madzi. Tsiku lina tikupita ku Lilongwe pa msewu wa M12, minibasi inaimitsidwa pa lodibuloko. Anatiuza kuti aliyense aonetse chitupa. Ife tinatulutsa zitupa za unzika, iye anatulutsa pasipoti ndi kajumbo kake. Pofotokoza, lilime linaterereka, m'malo mwa "tsopano" ananena kuti "manje". Basi, anamutsitsa. Amene anamugwirayo analiyang'ana lisitilo kutsogolo ndi kumbuyo n'kunena kuti, "Madala, ili ndi lisiti la ndalama, si chilolezo." Kunena zoona sanalakwe, chifukwa palibe mawu alionse pakapepalapo onena kuti mwini wake aloledwe kukhala podikira yankho. Kondakitala anatitsitsira katundu, minibasi inapita ndi ndalama zathu. Tinakhala pansi pa mtengo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikuchonderera, mpaka kunabwera wamkulu wawo amene anatimvetsa. Ku ofesi tinafika atatseka.

Tsono taganizani. Munthu amene sanapiteko ku ofesi ngakhale kamodzi, amene akungodutsa njira za kumunda, sakumana ndi zimenezi, chifukwa sakwera minibasi ya ku Lilongwe. Amene akuzunzika ndi amene anadzipereka yekha. Akamwini ena m'mudzi muno akumuonera, ndipo akuseka chamumtima. Wina anandiuza maso ndi maso kuti, "Aphunzitsi, mwamuonetsa njoka mwana wa eni." Ndinasowa chomuyankha.

Lachitatu ndi mtunda. Kuchokera pa Boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 100, ndipo wochokera kwa Mkanda kapena ku Kapiri ayambe walipira kabaza kuti akapeze minibasi. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulendo umodzi wa anthu awiri umadya thumba la mtedza. Chikhalirecho mu Disembala 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegula chipata chamakono cha Mwami ndi Mchinji, chimene thiraki ya feteleza imamalizira mapepala a mayiko onse awiri pamalo amodzi. Ndi nyumba yokongola, makompyuta ali momwemo, ogwira ntchito ali momwemo. Katundu anamuganizira bwino. Mkamwini wokhala makilomita ochepa kuchokera pachipatapo ndiye aziyenda ulendo wa tsiku lathunthu kukangomva kuti abwerenso.

Mumati zambiri masiku ano zizichitika pa intaneti. Ndi maganizo abwino kwa mwini kampani wa ku Area 47. Mkamwini wathu foni yake ndi ya mabatani, ndipo nambala yake inalembetsedwa m'dzina la mkazi wake chifukwa iye alibe chitupa cha kuno. Mafomu ali m'Chingerezi chokhachokha. Kumene kuli mdima wotere ndi kumene madobadoba amanenepera. Amakupeza pa geti usanalowe n'komwe, amadziwa kale chimene wadzera, ndipo amakuuza kuti ndi kangachepe fayilo yako ikhoza kudzuka. Ife tinakana. Mwina n'chifukwa chake ikugonabe, sindingalumbire, koma maganizo amenewa amabwera munthu ukagona usiku.

Lachinayi, ndabwerera pa chikamwini paja. Lamulo lathu la za olowa ndi otuluka ndi la 1964, la unzika ndi la 1966. Ziphaso zimene zilipo zikuonetsa anthu amene olemba malamulo ankawaganizira: chiphaso cha ntchito cha zaka ziwiri cha katswiri wolembedwa ndi kampani, chiphaso cha bizinesi cha zaka zisanu cha munthu wobwera ndi mpamba, chiphaso cha mwana wa sukulu. Mlimi wokwatira kutsidya kwa dambo sanamuone. Choposa apo, lamulo la unzika linatsegula khomo loti mkazi wakunja wokwatiwa ndi Mmalawi alembetse unzika, koma mwamuna wakunja wokwatira Mmalawi silinamutsegulire khomo lofanana nalo. Olembawo ankaganiza kuti mkazi ndiye amatsata mwamuna nthawi zonse. Kuno kwa Achewa zimenezo ndi chitengwa, ndipo chimachita kupemphedwa. Mwana wa mlongo wanga ali pa nthaka ya amayi ake ndi ya agogo ake. Kodi asiye munda wa makolo, atenge ana anayi amene ndi Amalawi, apite ku Zambia chifukwa mwamuna wake pepala lamukanika? Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati amayi asasalidwe chifukwa choti ndi akazi kapena chifukwa cha ukwati, ndipo gawo 22 limati banja litetezedwe. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la unzika kuti Mmalawi athe kukhala nzika ya mayiko awiri. Munawaganizira abale athu a ku London ndi ku America, ndipo munachita bwino. Mpeni womwewo ukanatha kusenda ndi mbatata iyi.

Lachisanu ndilinena mwachidule ngakhale ndi lowawa kuposa onse. Alipo anthu amene sangayambe n'komwe ulendo umene mkamwini wathu anayamba, chifukwa alibe pasipoti ya dziko lililonse. M'mudzi woyandikana nafe muli agogo ena amene anabadwira tsidya linalo nthawi ya Chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, pamene Nyasaland ndi Northern Rhodesia zinali pansi pa ulamuliro umodzi. Anabwera kuno ali kamtsikana. Pa kalembera wa zitupa za unzika wa 2017 anaopa kupita, poganiza kuti akafunsidwa kobadwira adzathamangitsidwa. Lero alibe chitupa, ndiye kuti feteleza wotsika mtengo sawaona, kubanki sangatsegule buku, nambala ya foni ndi ya mdzukulu. Aliponso ana a anthu amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992, makolo awo n'kutsalira m'maesiteti a fodya kuno ndi ku Kasungu monga matenanti. Makolowo anamwalira. Anawo tsopano ndi abambo a ndevu, kwawo sadziwako, Chipwitikizi sadziwa, ndipo pepala lililonse alibe. Mukati abwerere kwawo, akwere basi yopita kuti?

Ndisanapereke zopempha zanga, ndivomere mbali yanu. Dziko liyenera kudziwa amene ali m'kati mwake. Sitinaiwale mitembo pafupifupi 30 imene inapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022, ya anthu amene ankaganiziridwa kuti ankazembetsedwa kuchokera ku Ethiopia. Njira zathu za kumunda zomwezi amadutsamonso ozembetsa anthu, chimanga ndi mafuta, ndipo ife a m'malire timawaona kuposa inu. Ndiye chifukwa chake ndikudabwa. Munthu akabwera yekha ndi dzina lake, chithunzi chake, zidindo za zala zake ndi kalata ya amfumu, wakuchepetserani ntchito. Mukamutopetsa, mwamubwezera kuthengo kumene simudzamuonanso, ndipo anzake khumi amene amamuonera sadzabwera n'komwe.

Palinso china. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kutaima, dziko lonse linagwedezeka, mawailesi analankhula, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo anachita kukafotokoza ku Nyumba ya Malamulo. Zinatero chifukwa odandaulawo anali ovota. Mlendo savota, sayimba foni pa wailesi, saguba pamsewu, amaopa kuti akakweza mawu fayilo yake isowa. Mkamwini asamakule mwendo, timatero kuno, ndipo iye mwendo sanakule. Ndiye ndalankhula ine. Nanunso aphungu, pafupifupi mudzi uliwonse wa m'dera lanu uli ndi mnyamata ku Joni. Akagwidwa chifukwa masiku a m'pasipoti atha n'kutsekeredwa ku Lindela, timalira kuti akuzunza ana athu, timafunsa kuti bwanji osangowapatsa mapepala popeza akugwira ntchito mwamtendere. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwa ife mawalo linafika kale, tili mbali zonse ziwiri.

Tsono zopempha zanga ndi izi.

1. Munthu akapereka pempho lokonzanso chiphaso kapena la chiphaso chokhalitsa, apatsidwe kalata yodindidwa, ya papepala lolimba, yonena momveka kuti ali ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka yankho litatuluka. Apolisi onse a m'malodibuloko adziwitsidwe za kalata imeneyi. Ichi sichifuna ndalama za abwenzi akunja, chikufuna chidindo ndi siginecha.

2. Lengezani nthawi imene pempho liyenera kuyankhidwa, ndipo muimate pakhoma pamodzi ndi mitengo ya ziphaso zonse ndi mndandanda wa zofunika, m'Chichewa. Nthawiyo ikadutsa, kalata ya apolisi kapena ya dokotala ikakalambira m'manja mwanu, mtolo wake usagwere wopempha. Mukamukana munthu, mumuuze chifukwa chake polemba, monga likunenera gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino. Yankho lakuti ayi limapweteka, koma munthu amadziwa pomangira katundu. Kukhala chete ndiko kukutha anthu mafuta.

3. Mapempho a anthu a m'maboma a m'malire azilandiridwa ndi kutsatiridwa konkuno. Ngati n'kovuta tsiku ndi tsiku, tumizani ogwira ntchito kamodzi pa mwezi, tsiku lodziwika, pa Boma, pa Kamwendo, kwa Mkanda ndi ku Kapiri, monga amachitira a kalembera wa zisankho ndi a katemera. Anzathu a ku Kasungu kumalire ndi Lundazi akufunanso zomwezi.

4. Aphungu, tengerani ku Nyumba ya Malamulo nkhani ya mwamuna wakunja wokwatira Mmalawi, kuti khomo likhale limodzi kwa mkazi ndi mwamuna. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza kale ukwati wa mwambo. Umboni wa ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi wa amfumu uzilandiridwa, ndipo mlimi wa kumudzi asalipitsidwe ngati mwini fakitale. Mukaopa maukwati achinyengo, funsani mafumu. Nyakwawa imadziwa mkamwini aliyense, tsiku limene anabwera, ndi maliro angati amene wakumbako manda. Palibe kompyuta imene ingamupose pamenepo.

5. Ikani nyengo yapadera, yolengezedwa pa wailesi ndi kudzera kwa mafumu, yoti anthu amene akhala kuno zaka zambiri opanda mapepala abwere kudzalembetsa popanda kumangidwa kapena kuthamangitsidwa tsiku lomwelo. Yambani ndi okalamba ndi amene anabadwira kuno.

6. Chotsani madobadoba pamageti.

Chiphaso cha kanthawi cha mkamwini wathu chikutha kumapeto kwa mwezi wa mawa. Tapatula kale matumba awiri a mtedza, limodzi la ulendo, lina loyambira malipiro, ndipo mkazi wake wakopera manambala a pa lisiti lija m'kope la mwana zilembo zisanatheretu. Tidzanyamuka ndi minibasi yoyamba Lolemba. Wina mwa inu akafuna kuona fayiloyo ndi maso ake, adzatipeza pa benchi la panja, nkhalamba ya jekete lakuda ndi mwamuna wonyamula Baibulo.

Ine wanu mwaulemu,

Mwinimbumba wina wa m'malire,
Mchinji